Ndili ndi zaka 43, mapointi a Canada akundikana, pali njira ina?

Bambo a Thoko: Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga pagulu pano osayankhula koma lero ndithandizeni maganizo. Ndili ndi zaka 43, ndine injiniya wa zamagetsi, digiri ndinatengera konkuno ku Malawi ndipo ntchito ndagwira zaka zoposa 15. Madam ali ndi 37, ndi anamwino, nawonso a digiri. Ana alipo atatu, woyamba ali ndi zaka 20 ali ku koleji, enawo wina ku sekondale wina ku pulayimale. Chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023 muja malipiro anga sakufikanso pakati pa mwezi, fizi ndikuchita kubwereka. Mayeso a Chizungu a IELTS ndinalemba, listening 7.5, reading 6.5, writing 6.5, speaking 7. Nditalowetsa zonse pa webusaiti ya boma la Canada powerengera mapointi a Express Entry, njira yawo yosankhira anthu okakhazikika kumeneko, zandibweretsera 268, pomwe ndikumva kuti anthu akuitanidwa ndi 500 kupita m'mwamba. Nde alipo wa msinkhu wangawu amene anadutsa kapena ndingosiya? Palinso ejenti wina akuti ndimupatse madola andipezera job offer, moti ndikuganiza zogulitsa puloti yanga.

Admin: Takulandirani bambo. Tisanapite patali, pulotiyo musagulitse chifukwa cha ejenti. Kale job offer inkawonjezera mapointi 50 kapena 200 mu Express Entry koma boma la Canada linachotsa zimenezo pa 25 March 2025, chifukwa chenicheni chinali chomwechi chakuti anthu amagulitsana makalata a ntchito. Komanso abwana a ku Canada saloledwa kulipiritsa munthu kuti amulembe ntchito. Mufunseni nambala yake ya laisensi mukaione pa webusaiti ya College of Immigration and Citizenship Consultants, akayamba kuzungulira mudziwiretu.

Kamnyamata ka IT: Big, 268 yanuyo ndaiwerenganso ndipo ili bho, simunalakwitse. Vuto ndi zaka basi. Munthu wapabanja amapeza 100 akakhala pakati pa 20 ndi 29, akafika 30 imayamba kutsika ndi 5 chaka chilichonse, pa 40 yatsala 45, kenako imayamba kugwa ndi 10: 41 ndi 35, 42 ndi 25, 43 ndi 15, 44 ndi 5, mukakwana 45 ndi ziro. Ndipo tsiku lanu lobadwa likangokwana kompyuta imachotsa yokha muli mu pool momwemo, pamzere wodikira kuitanidwa. Koma Chizungu chanu chatsala pang'ono kwambiri. CLB 9, pa mlingo wa Chizungu wa Canada, imafuna listening 8 ndi 7 pa zitatu zinazo, inu mwaperewera theka theka pa zitatu. Mukafikapo mudumpha kuchoka 268 kufika 326 chifukwa zimakwezanso mapointi a digiri ndi a zaka zomwe mwagwira ntchito kunja kwa Canada

Bambo a Thoko: 326 ikadali kutali ndi 500 achimwene

Kamnyamata ka IT: Zoona, panokha sizikwana. Ndimangofuna muone pomwe pali mapointi otsika mtengo.

Mayi a Wongani (Regina): Bambo a Thoko, funso langa ndi limodzi, chifukwa chani mwadziika inuyo kutsogolo? Madam ali ndi 37 ndipo ndi namwino. Pa zaka zokha iwo ali ndi 60 inu 15. Akalemba IELTS General n'kupeza CLB 9, digiri yawo n'kuyesedwa ku WES, bungwe loyesa madigiri a kunja, inu n'kubwera ngati mwamuna wawo ndi digiri yanu ndi Chizungu chanu chomwechi, mufika cha m'ma 385. Ndipo kuyambira 2023 Canada imachita ma draw (kuitana anthu kuchokera mu pool) apadera a anthu a zaumoyo, omwe amakhala m'ma 400 nthawi zambiri, sali ngati aja a aliyense omwe mu 2024 anali pamwamba pa 520. Pepala la PR, lokhalira wokhazikika ku Canada, ndi limodzimodzi kwa nonse, mukatera pa eyapoti palibe amene adzafunse kuti principal applicant anali ndani. Kwathu zinali choncho, ine ndi amene ndinatsogola, bambo a kunyumba anali atadutsa 45 ndipo zinawavuta kuvomera miyezi ingapo chifukwa amati zimveka bwanji kwa achibale kuti anatengedwa ndi mkazi. Miyezi imeneyo ndi imene ndimaidandaula mpaka lero chifukwa nanenso zaka zimapita.

Nachisale wa ku Joni: Apa mayi mwalankhula. Azibambo ambiri amaluza chaka chathunthu pa nkhani imeneyi

Bambo a Thoko: Ayi ine sindingakane zimenezo, kungoti maganizo amenewo sanandibwerere, fomu ndimadzaza ndine ndiye ndinangoyamba ndi dzina langa. Madam IELTS sanalembepo ndipo amagwira mashifiti a usiku, kaya nthawi yowerenga aipeza liti.

Mayi a Wongani (Regina): Muwapezere ndinu. Tengani za ana ndi kuphika masiku omwe ali off. Writing ndi imene imagwetsa anthu ambiri, osati chifukwa sadziwa Chizungu koma amalemba ngati lipoti la ku wodi, mfundo zachidule zachidule, pomwe oyesa akufuna ndime zolumikizana. Apeze munthu woti aziwachongera ma essay sabata iliyonse. Zotsatira zimakhala zaka 2 zokha ndiye musalembe msanga kwambiri zina zisanakonzeke, pomwe za WES zimakhala zaka 5, yambani ndi zimenezo. Ndipo WES safuna ma transcript odzera m'manja mwanu, amafuna achokere ku sukulu konko. Anga anakhala miyezi mu ofesi ina mpaka ndinatuma mlongo wanga kuti azipita yekha kukakhala pabenchi m'mawa uliwonse, mafoni samayankhidwa.

Mkulu wa ku Mzuzu: Ine ndifunse mosabisa. Munthu wa zaka 43, injiniya, uli ndi puloti, anthu amakudziwa, ukufuna ukayambirenso pansi kudziko lozizira chifukwa chani? Ndili ndi anzanga anapita ali ndi maudindo pano akunyamula makatoni. Komanso anamwino athu onse akapita, m'zipatala mwathumu atsala ndani? Mayi anu kumudzi akadwala muzidzatumiza ndalama pa foni basi? Izi muziganizirenso, mapointi si nkhani yokhayo

Sister wa ku Leeds: Akulu a ku Mzuzu, funso la zipatala ndi loona ndipo limatipweteka ifenso amene tinachoka, musaganize kuti timagona tulo tabwino tikamva kuti wodi ina namwino mmodzi akuyang'anira odwala osawerengeka usiku wonse. Ndi chifukwa chake Malawi ili pa mndandanda wa WHO wa mayiko omwe sakuyenera kukokedwa anthu a zaumoyo, kuno amati red list, ma ejenti ndi zipatala saloledwa kubwera kudzasaka anamwino kwathu. Koma munthu payekha akafunsira ntchito mwachindunji amaloledwa. Ndipo tinenenso kuti alipo anamwino omaliza sukulu amene akhala pakhomo kudikira kulembedwa ntchito, ndiye mlandu wonse sungagwere mayi mmodzi amene akufuna kulipira fizi ya ana ake.

Bambo a Thoko, za UK ndikuuzeni. Kuno nakonso amati ndi mapointi, 70, koma zaka zakubadwa sawerenga olo pang'ono. Chofunika ndi abwana okhala ndi laisensi yoitanitsa anthu, malipiro ofika pa mlingo wawo ndi Chizungu. Madam angadutse NMC, bungwe lolembetsa anamwino kuno, kulemba mayeso a pakompyuta a CBT ali konko, mayeso oonetsa ntchito a OSCE akafika kuno, Chizungu ndi IELTS Academic kapena OET ya anthu a zaumoyo, osati General ija ya Canada. Viza ya Health and Care namwino amabwera ndi banja ndipo salipira ndalama ya zipatala za boma (NHS) ija yomwe ena akulipira £1,035 pachaka munthu mmodzi. Koma mwana wanu wa zaka 20 sangabwere, kuno dependant ndi wosakwana 18 basi. Ndipo wina asakunamizeni za ntchito ya care, kuyambira March 2024 a care sabweretsa mabanja ndipo mu July 2025 anatsekeratu kulemba a care ochokera kunja. Komanso viza ya kuno imakumangirira kwa abwana, si PR ngati ya Canada yoti ukutera uli kale wokhazikika.

Bambo a Thoko: Nkhani ya mwanayo ndi imene ikundisowetsa tulo kwambiri kuposa zaka zanga. Thoko ndinabereka ndisanakwatire madam awa, wakulira m'manja mwanga, sindingakwere ndege iye n'kutsala

Admin: Ndiye wotchi yanu yeniyeni ndi Thoko. Canada imawerenga mwana ngati dependant akakhala wosakwana zaka 22 komanso wosakwatira kapena kukwatiwa. Zaka zake zimaima tsiku lomwe IRCC, ofesi ya immigration ya Canada, yalandira application yathunthu ya PR, kupanga profile mu pool sikuimitsa kanthu. Mukadzera ku province zimaima tsiku lomwe province yalandira application yanu yathunthu. Ndiye muli ndi nthawi yosakwana zaka 2. Madam akatsogola mwana wa mwamuna wawo amawerengedwa bwinobwino, bola setifiketi yobadwira ionetse dzina lanu. Ndipo chonde nonse amene mukuwerenga, mwana aliyense amene munabereka mumulembe pa fomu olo sakupita nawo, olo mayi ake simuyankhulana. Kubisa mwana ndi bodza kwa iwo, chilango chake ndi zaka 5 osaloledwa kufunsira ndipo mwanayo zimadzavuta kumuitanitsa mtsogolo.

Nachisale wa ku Joni: Nanga ana a malemu achemwali anga amene ndikulera ine? Awiri, ali ndi ine chimwalirireni mayi awo, sukulu ndikulipira ndine, amanditchula mami

Admin: Kwathu ndi ana anu ndipo palibe angatsutse, koma pa fomu amafuna wobereka kapena amene munamutenga kudzera ku khoti, adoption yeniyeni yokhala ndi chigamulo. Kalata ya amfumu siyikwanira. Ngati mukulingalira zopita yambani za khotizo msanga ndipo mufunse loya. Inunso muli ku South Africa mudzafunika police clearance ya konko ndi ya ku Malawi, dziko lililonse lomwe munakhalako miyezi 6 motsatizana m'zaka 10 zapitazi, chikwanireni zaka 18.

Wa ku Perth: Ndalowa mochedwa koma ndiikepo za Australia poti bamboo ndi injiniya. Kuno chitseko chimatsekeka pa 45, ukakwana 45 usanalandire invitation basi zatha pa viza za mapointi, 189, 190 ndi 491 zonse. Pakati pa 40 ndi 44 amapereka 15, pomwe 33 mpaka 39 ndi 25. Inu mungakhale ndi 15 ya zaka, 15 ya digiri, 15 ya ntchito ngati Engineers Australia avomereza zaka 8 mwa zaka 10 zapitazi, 10 ya Chizungu mukapeza 7 paliponse, yonse 55. State ikakusankhani pa 190 ndi 5, pa 491 ya kumadera akunja kwa mizinda ikuluikulu ndi 15, nde 70, kuphatikiza ina ya madam mpaka 10 akayesedwa nawonso. Mlingo wotsikitsitsa ndi 65 koma 65 ndi yongolowera pamzere, ma injiniya ndi ambiri ndipo oitanidwa amakhala pamwamba kwambiri. Digiri ya kwathu siili mu Washington Accord, mgwirizano wa mayiko wovomerezana madigiri a uinjiniya, ndiye mudzalemba CDR, nkhani zitatu za ntchito zomwe munagwira ndi manja anu, mulembe nokha osagula chifukwa amafufuza zokopera. Apanso madam ndi amene ali ndi mphamvu, 25 ya zaka mpaka akwane 40 ndipo anamwino akufunidwa m'ma state onse. Njira yake ndi AHPRA kuti alembetsedwe ndi ANMAC ya viza, ndipo kwa ophunzira kwathu pamakhala mayeso a unamwino a NCLEX ndi OSCE yomwe amadzalembera kunoko, ndalama zake si zamasewera. Mwana wopitirira 18 amaloledwa mpaka 23 ngati akudalirabe makolo, Thoko asasiye sukulu n'kuyamba ntchito.

Kamnyamata ka IT: New Zealand imalola mpaka 55 eti?

Wa ku Perth: Eya 55, koma kuyambira October 2023 anasintha, ndi mapointi 6 ndipo pamafunika ntchito kapena job offer kwa abwana ovomerezeka ndi boma lawo. Kwa munthu amene ali ku Lilongwe kupeza ntchitoyo ndiye phiri lake.

Aphunzitsi a French: Palibe watchula French ndiye nditchule ine. Mukafika NCLC 7, pa mlingo wa French wa Canada, pa zonse zinayi mu mayeso a TEF Canada kapena TCF Canada, Chizungu chili kale bwino, amakupatsani 50 yapadera kuphatikiza 12 ya chiyankhulo chachiwiri. Madam aja a 385 afika 447. Koma chachikulu si 62 imeneyo, ndi chakuti pali ma draw a olankhula French okhaokha ndipo ndi amene akhala otsika kuposa onse, ena anatsika mpaka pansi pa 400, chifukwa Canada ikufuna kuchulukitsa olankhula French kunja kwa Quebec. Ngakhale inuyo bambo ndi 326 yanu kuphatikiza 62 mukhala pa 388. Sindikunamizani kuti ndi zophweka, NCLC 7 ndi pafupifupi B2 pa mlingo wa ziyankhulo wa ku Ulaya, munthu woyambira pa bonjour amafunika chaka kapena kuposa akuwerenga tsiku ndi tsiku ndi kuyankhula ndi anthu, ka app ka pafoni pakokha sikangakufikitseni. Amene munaphunzirako French ku sekondale musaitaye, imabwerera msanga. Ndipo anzathu a ku Congo, Burundi ndi Rwanda tili nawo m'matauni mwathumu, kupeza woyankhula naye sikovuta

Mayi a Wongani (Regina): French ndi njira yabwino koma muwerengere ndi zaka za Thoko. Namwino wa mashifiti a usiku kuti alembe IELTS, athamangitse ma transcript, aphunzirenso French mpaka B2 m'miyezi 20, n'kumupha munthu. Mugawane, madam Chizungu ndi mapepala a unamwino, bambo French. Aliyense apange profile yake, ndi zololedwa, amene ayambe kuitanidwa atenga banja lonse.

Bambo a Thoko: French ndinaphunzirako Fomu 1 ndi 2. Za ma province bwanji mayi, poti inu muli ku Saskatchewan? Ndimamva kuti amapereka 600

Mayi a Wongani (Regina): Eya province ikakusankhani ndi 600 ndipo pamenepo zaka sizikhalanso nkhani, ife tinadzera momwemo. Saskatchewan ili ndi mawerengedwe akeake ndipo sadula anthu a m'ma 40 mwankhanza ngati Express Entry. Koma nthawi yathu ndi ino zasiyana. Mu October 2024 boma linatsitsa chiwerengero cha PR cha 2025 kuchoka 500,000 kufika 395,000, malo a ma province anadulidwa pakati kuchoka 110,000 kufika 55,000, ndiye ma province ambiri anayamba kuika patsogolo anthu amene ali kale mkati muno ndi a ntchito zochepa monga zaumoyo. Manitoba imafuna ukhale ndi wachibale kapena mnzako wokhazikika konko, Atlantic imafuna job offer. Muziyang'ana mawebusaiti awo sabata iliyonse chifukwa amatsegula n'kutseka osachenjeza.

Ndiyankhenso akulu a ku Mzuzu chifukwa za makatoni sakunama. Bambo a kunyumba anali ndi ofesi yawo ndi galimoto ya kuntchito kwathu. Kuno chaka choyamba anagwira mu warehouse usiku. Ndimakumbuka January woyamba, kunja -30, iwo akutuluka 9 koloko usiku kukachotsa chingwe cha magetsi chomwe timalumikiza ku galimoto kuti injini isaume, atavala majekete awiri, mawondo akuwawa, ndipo amene amawauza zochita kuntchitoko anali mnyamata wa msinkhu wa mwana wathu woyamba. Akabwera m'mawa amakhala pampando osavula nsapato kwa kanthawi osayankhula. Munthu wa zaka 28 amazipirira izi mosavuta chifukwa alibe chomwe wasiya, wa 46 amakhala akukumbukira. Inenso sindinayambe ngati namwino, ndinali care aide uku ndikudikira mapepala a NNAS, bungwe loyesa anamwino ophunzira kunja, ndi kuwerengera NCLEX. PR sikupatsa laisensi ya ntchito, ndi nkhondo ina payokha. Inunso bambo dzina loti injiniya kuno ndi lotetezedwa ndi lamulo, muyenera kulembetsa ku bungwe la province, kwathu kuno ndi APEGS, ndipo mutha kuyamba kutumiza mapepala mukadali ku Malawi. Pano bambo ali pa ntchito yomwe anaphunzira, ana awiri ali ku yunivesite ndi fizi ya anthu a konkuno, sindinong'oneza bondo koma sindingauze munthu kuti zinali zokoma.

Mkulu wa ku Mzuzu: Zikomo mayi poyankhula zoona. Nanga ukalamba? Munthu wofika ndi 45 adzapuma ndi chani?

Wa ku Calgary: Funso labwino ndipo ambiri salifunsa. Penshoni ya boma ya ukalamba, OAS, imayamba pa 65, imafuna ukhale utakhala muno zaka zosachepera 10 ndipo yathunthu ndi ya amene wakhala zaka 40 chikwanireni 18. Wofika ndi 45 pa 65 adzalandira theka. Penshoni ina, CPP, imatengera zomwe wadulidwa pa malipiro, zaka 20 sizingafanane ndi za amene anayamba ali mnyamata. Nyumba ukagula ndi 48 pa ngongole ya zaka 25 udzamaliza ndi 73. Ndiye ambiri a ife tidzagwira ntchito mpaka mochedwa kapena tidzabwerera kumudzi, n'chifukwa chake ine ndimati puloti isagulitsidwe mwachisawawa. Kunena zoona wopindula kwambiri pa ulendo wa munthu wa zaka 40 ndi ana, iweyo umangopeza zokwanira. Za makolo nazo, kuwaitanitsa kuti adzakhazikike n'kovuta, malo ndi ochepa, chomwe ambiri timachita ndi super visa yongocheza nthawi yaitali ndipo inshuwalansi yake ulipira wekha. Maliro ambiri tawaonera pa foni. Amene mayi ake ali moyo akambirane ndi abale ake asananyamuke kuti adzawasamala ndani, osangoti tidzaona.

Bambo a Thoko: Mayi alipo, ali ndi achemwali anga kumudzi. Koma pa puloti pomwepo, proof of funds ndiitenga kuti ndikapanda kugulitsa? Ndalama yake ndi ya banja la anthu 5

Wa ku Calgary: Anthu 5 imapitirira madola a Canada 30,000 ndipo amaikweza chaka chilichonse. Puloti kapena nyumba sawerenga, amafuna ndalama ya mu akaunti, yosabwereka, ndi kalata ya banki yoonetsa mmene akauntiyo yakhalira miyezi 6 yapitayi. Ndiye mwina mudzagulitsadi, sindikukana, koma kugulitsa kuti ndalama ikhale yanu mu akaunti yanu ndi kosiyana ndi kugulitsa kuti mupatse ejenti. Mukadzagulitsa musunge sale agreement ndi umboni wakuti ndalama inachokera kwa wogula, ndalama yambiri yongotulukira amaifunsa.

Nachisale wa ku Joni: Vuto lina ndalamayo ikakhala mu kwacha. Lero ikukwana, mawa devaluation, mmawa mwake yaperewera kwambiri muli mu pool momwemo. Amene anali ndi ndalama ku banki November 2023 akudziwa. Muike yoposerapo ndithu, osati yongokwana ndendende

Kamnyamata ka IT: Komanso kulipira WES ndi ma fee a IRCC ndi pa khadi, ndi mmene forex ikuvutiramu khadi la kwathu limakana kapena limit yake ndi yochepa. Ambiri akupempha wachibale wa kunja awalipirire n'kumubwezera kuno. Mukonzeretu munthu wake chifukwa ITA, kalata yokuitanani kuti mufunsire PR, ikabwera muli ndi masiku 60 okha oti mutumize zonse

Mkulu wa ku Mzuzu: Ine maganizo anga sanasinthe, dziko timanga ndife tomwe. Koma ngati mwatsimikiza bambo, ntchito musasiye mpaka viza ili mu pasipoti. Ndaonapo munthu atatsanzika kuntchito ndi kutchalitchi chifukwa cha kalata ya ejenti, mpaka lero ali pompano.

Sister wa ku Leeds: Pamenepo tagwirizana akulu. Safunsa anadya phula, bamboo achita bwino kufunsa asanapereke ndalama.

Mayi a ku Area 25: Pepani ndilowerere, ine ndili ndi 41 ndipo ndimamwa mankhwala a BP ndi shuga, amuna anga ali pa ma ARV. Medical sidzatigwetsa? Ndakhala ndikuopa kufunsa

Wa ku Calgary: Mwachita bwino kufunsa mayi, pa msinkhu wathuwu ambiri tili ndi kabotolo ka mankhwala m'chikwama. Canada imayeza banja lonse, ngakhale ana amene sakupita nawo, kwa dokotala amene iwo anamuvomereza, pali x-ray ya pachifuwa chifukwa cha TB ndi magazi. BP ndi shuga zoti mukumwa mankhwala ndipo zili m'malo mwake nthawi zambiri sizigwetsa munthu. HIV payokha si chifukwa chokanira, chomwe amawerengera ndi mtengo wa chisamaliro pachaka ngati ukupitirira mlingo womwe anaika, ndipo akakayikira amakulemberani kalata kuti muyankhepo asanagamule. Mutenge makalata a kuchipatala oonetsa mankhwala omwe akumwa ndi zotsatira za viral load. Chachikulu osabisa, magazi adzaonetsa ndipo bodza ndi limene lingakutsekereni.

Wa ku Perth: Australia pa zaumoyo ndi yolimba kuposa Canada, nawo amawerengera mtengo ndipo pa 189 ndi 190 palibe mwayi wopempha kuti akukhululukireni. Inu mayi yang'anani ku Canada kaye ndipo nkhani yanu ndi yofunika loya weniweni wa za immigration

Bambo a Thoko: Ndawerengera madam zonsezi ali pa break kuntchito. Avomera kutsogola, akuti IELTS alembe ikatha miyezi itatu. Ine ndiyamba French ndipo ndibwerezanso IELTS chifukwa ngakhale ngati spouse CLB 9 ikuwonjezera 6. Ejenti uja ndamufunsa nambala ya laisensi wandiyankha kuti amagwira ndi loya wa ku Toronto koma dzina sakutchula. Funso lina, ukwati wathu unali wa chinkhoswe ndi kutchalitchi, setifiketi tili nayo ya kutchalitchi yokha, ikwanira?

Admin: Kalembetseni kuti mukhale ndi ya boma, ndi imene sakhala nayo mafunso, ndipo ya kutchalitchiyo musunge ngati umboni wa chaka chomwe munakwatirana. Muonenso kuti mayina akufanana pa pasipoti, digiri ndi setifiketi ya ukwati. Madam ngati digiri ili ndi dzina la kwawo pomwe pasipoti ili ndi lanu, WES adzafuna pepala lolumikiza mayina awiriwo. Chimodzimodzi Thoko, tsiku lobadwa pa setifiketi, pa ID ndi pa pasipoti likhale limodzi.

Mayi a Wongani (Regina): Ndipo makalata a kuntchito muyambe kutolera pano. Akufuna pa letterhead, masiku oyamba ndi omaliza, maola pa sabata, malipiro ndi ntchito zomwe munthu amagwira tsiku ndi tsiku zogwirizana ndi NOC yake, nambala ya ntchitoyo pa mndandanda wa Canada, osangoti anali wolimbikira ntchito. Madam ngati anasinthapo zipatala apite konse, a HR ena amafuna uwalembere wekha iwo angosaina. Mapasipoti a ana ali ndi zaka zingati zotsala?

Bambo a Thoko: Awiri ang'onowo alibe n'komwe, ya Thoko ikutha chaka chamawa

Admin: Yambani ndi imeneyo sabata ino, ya Thoko poyamba.